Tan 40 ndi Khitchini ya Apongozi

Lolemba

Kope latsopano, tsamba loyamba. Sabata ino anthu a pamudzi pano adziwa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wophunzira.

Nkhani yake ndi iyi. Dzulo kunabwera Che Mdoka, amjomba, ndiye kuti amalume, a mkazi wanga, eni mbumba. Akuti bwalo la apongozi lakula, apongoziwo anatsala okha, ndipo ine ndakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri ndili pa chikamwini m'kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa mpanda. Ine, amake Shakira, ana awiri, njinga, batire ya sola, tonse m'menemo. Ndiye bwalolo aligawa pakati. Mbali ya kumtengo wa bulugama ikhala yanga, ndimangepo nyumba ya njerwa. Koma mtengowo uyambe wagwa, poti chiswe chaudya patsinde ndipo mvula yoyamba imabwera ndi mphepo.

Mawu awo ndikuwalemba momwe anatulukira: "Mugwetse mtengowo osaswa kanthu. Mukatero, malowo ndi anu."

Osaswa kanthu. Basi!

Kogwetsera:
- kumpoto kuli nyumba ya malata ya aneba. Iyayi.
- kumadzulo kuli nyumba ya apongozi. Iyayi kawiri.
- kum'mwera kuli nkhokwe, khola la nkhunda ndi kubafa. Iyayi.
- kum'mawa bwalo lilibe kanthu, koma kumapeto kwake kuli khitchini ya apongozi.

Funso ndi limodzi lokha. Mtengo ukagona kuloza kum'mawa, nsonga yake ifika pakhitchini kapena sifika?

Masana ndapita kwa Che Bwanali, ocheka matabwa, amene adzadule mtengowo Loweruka. Ayang'ana kamodzi kokha, ali chapatali, nzimbe ili kukamwa. Akuti, "Sufika."

Sufika! Ayeza ndi chiyani, mano? Nyumba ya ana anga ikalendewere pa mawu amodzi a munthu amene akutafuna nzimbe? Ine pa mayeso a Fomu 4 masamu ndinapeza 2. Za maphunziro enawo tisakambe, koma masamu ndinapeza 2, ndipo chikhalirecho ndikungokonza mafoni pamsika ngati mutuwu mulibe kanthu.

Ndafukula kope langa lakale la tirigonometire pansi pa bokosi la zovala. Njenjete zadya chikuto, koma Sokatowa ali moyo:
- sin: mbali yoyang'anizana ndi ngodya, kugawa ndi mbali yaitali yotsetsereka
- cos: mbali yogona pansi, kugawa ndi yaitaliyo
- tan: yoyang'anizana ndi ngodya, kugawa ndi yogona pansi

Mtengo waimirira, nthaka yagona, pakati pawo pali sikweya, madigiri 90. Ine ndiima patali, ndiyeza ngodya kuchokera m'diso langa kukafika kunsonga, ndiyeza mtunda kuchokera pamene ndaima kukafika patsinde, ndichulukitsa ndi tan. Kutalika kwa mtengo kutuluka kokha, wopanda munthu kukwera.

Vuto ndi limodzi. Mtengo uli m'bwalo la apongozi, ndipo ine ndi apongozi timathawana. Zaka zonsezi sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, tsiku lina ndinapatukira mu chitedze, ndinakanda masiku atatu osadandaula. Bwalo lawo sindiliponda iwo alipo. Ndipo sabata ino sachokapo. Ayala mkeka pamthunzi pa mtengo womwewo, atambalala, akusenda mtedza wa mbewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Palibe kanthu. Tirigonometire anapangidwira zinthu zimene munthu sungaziyandikire.

Lachiwiri

M'mawa. Chida chatheka:
- pulotirakita yanga ya kusukulu, yong'aluka pa 120 koma kumeneko sindifikako
- chubu cha bolopeni choyang'anira, ndachimata ndi selotepi
- ulusi wakuda
- nati ya njinga kumapeto kwa ulusi

Ndikaloza chubu kunsonga, ulusi ulendewera, n'kuwerenga ngodya. Chinthu chokongola. Amake Shakira afunsa ngati natiyo ndi ya gudumu lakutsogolo. Ndi ya gudumu lakutsogolo, koma njinga idikira.

Malo abwino oonera nsonga ali kunja kwa mpanda, mbali ya kum'mwera. Ndakhoma chikhomo pansi. Ndaima, diso limodzi ndatsinzina, chubu ndaloza pamwamba pa mpanda.

Kumbuyo kwanga kwaima mayi wina wochokera kumjigo, ndowa pamutu. Akhosomola. Akuti, "Abambo a Shakira, kubafako kuli anthu."

Zoona? Ine? Ndawafotokozera bwinobwino kuti ndikuyang'ana kumwamba, osati pansi, kuti ichi n'chida choyezera ngodya, kuti akafuna abwere ayang'ane okha. Athamanga, madzi akutayika.

Masana nkhani yafika kale kumjigo, kuchigayo ndi pagolosale. Akuti mkamwini wa ku Balaka wapanga makina osuzumira. Wina akuti makinawo amajambula. Bolopeni! Bolopeni yopanda inki ikujambula! Ndakwiya mpaka foni ya kasitomala ndaitseka batire ili kunja.

Amake Shakira sanaseke ndipo sanakalipe. Angoti kuyambira lero ndikafuna kuyeza ndiziyamba ndawaitana, iwo aziima pambali panga atanyamula sopo ndi ndowa ya kubafa kuti aliyense wodutsa aone kuti m'katimo mulibe munthu. Munthu wa 2 pa masamu ndikuyeza ngodya ndi mboni yonyamula sopo.

Madzulo dzuwa lisanalowe tayeza:
- 35 (mphepo inakankha nati)
- 52 (ndinayetsemula)
- 40
- 41
- 40

Ndatenga 40. Apongozi m'katimo akumveka akufunsa nkhuku zawo ngati masiku ano anthu aamuna sapitanso kumunda. Nkhuku sizinayankhe, inenso sindinayankhe.

Lachitatu

Lero mtunda.

Kuchokera pachikhomo changa kukafika patsinde pa mtengo pali mpanda pakati, ndiye ine sindingalowe ndipo sindingasuzumire, makamaka zadzulo zija zitachitika. Nzeru ilipo. Ine ndigwira nsonga imodzi ya chingwe pachikhomo, ina ndilowetsa pansi pa mpanda, amake Shakira aitenga kukafika nayo pamtengo. Akafika akoke katatu.

Ndawauza momveka, kawiri: kuchokera pachikhomo kukafika patsinde.

Chingwe cha mbuzi chalowa chonse. Ndalumikiza chingwe cha pachitsime. Chalowa chonse. Ndalumikiza choyanikira zovala, malaya anga a ku Juma, opita nawo kumzikiti, agwera m'fumbi. M'katimo ndikumva mayi ndi mwana akupatsana moni ngati sanaonane chaka, akukamba za mtengo wa feteleza, akutafuna mtedza. Ine ndagwada padzuwa ndi chingwe m'manja. Chikukokera kumanzere pang'ono, mwina mbuzi yachiponda.

Kukoka katatu. Alhamdulillah.

Ndachikoka chonse, ndachiyeza ndi tepi yobwereka kwa telala, ya mita imodzi ndi theka. Matepi 18. Ndiye kuti mamita 27. Mtunda wochokera pamtengo kukafika pakhitchini ayeza okha amake Shakira, mwachangu, poti kumeneko kulibe wowachedwetsa: matepi 13 ndi kachidutswa. Mamita 20.

Ndakhala pansi ndi kakyuleta ya m'foni. 27 kuchulukitsa ndi tan 40.

Yankho: -30.

Mainasi! Ndiye kuti mtengo wa apongozi ukukula cholowa pansi, ndipo nsonga yake ili pafupi ndi madzi a mjigo. Ndabwereza kanayi. Mainasi 30 yemweyo. Ndayamba kuganiza kuti mwina Che Bwanali andilodzera foni, kapena 2 uja anali wa munthu wina anangosokoneza mayina.

Kenako ndaona timalemba ting'onoting'ono pakona: RAD. Foni ikuwerenga ngodya m'maradiyani, ine ndikuipatsa madigiri. Ndadina, pabwera DEG. Ha! Munthu wamba akanagwera pompo, koma ine cholakwikacho ndachigwira pakhosi.

Tsopano masamu enieni:
- tan 40 = 0.839
- 27 × 0.839 = 22.65
- kuphatikiza kuchokera pansi kufika m'diso langa, tepi imodzi ndendende, 1.5
- zonse: 24.15

Mtengo ndi wa mamita 24. Khitchini ili pa 20. Mamita anayi athunthu a bulugama akagona padenga la apongozi!

"Sufika." Sufika pati? Ndikanamvera nzimbe ija, Loweruka bwenzi ndikulongedza katundu kubwerera ku Balaka, njinga yopanda nati. Ndasangalala kwambiri, sindibisa. Ndalemba 24.15 papepala loyera n'kuzunguliza ndi bolopeni yofiira.

Lachinayi

Msonkhano pachipata cha mpanda. Amjomba pampando, ine chapanja pomwe ndiyenera kukhala, Che Bwanali alowa m'bwalo mwaufulu poti iwo sanakwatire mwana wa munthu pano.

Ndaonetsa pepala. Ndajambula thirayango pansi ndi kamtengo, mbali yoimirira, mbali yogona, ngodya. Amjomba agwedeza mutu pa mzere uliwonse, pepala aligwira chozondoka.

Tsopano taonani za anzathu. Che Bwanali atenga mpini wa nkhwangwa. Ayeza kuchokera paphewa kufika kuchibakera, agwira pamenepo. Atambasula mkono, mpini wauimika patsogolo pawo, diso limodzi atsinzina, ayamba kubwerera chambuyo ngati nkhanu, kulowera kukhitchini. Abwerera, abwerera, mpaka mpini waphimba mtengo wonse. Aima. Alemba mzere pansi ndi chidendene, mamita ngati atatu khitchini isanafike.

Akuti, "Nsonga igwa apa."

Mpini! Chidendene! Palibe digiri, palibe desimo, palibe pepala. Ndafunsa kuti fomula yake ndi iti. Akuti anawaonetsa malemu bambo awo. Ndati malemu bambo awo sakhalapo Loweruka kuti adzayankhe mlandu. Mwina pamenepo ndinawonjeza, chifukwa amjomba anayang'ana kumbali.

Njira zina zagwa zonse. Kukwera n'kuyamba kudula nsonga, Che Bwanali akana, akuti mtengo wodyedwa ndi chiswe sakwera, ali ndi ana. Kuukokera kwina, kulibe kwina.

Ndiye ndapereka nzeru yanga. Mawa tisasule denga la khitchini, udzu ndi mitengo yake tiike pambali, miphika titulutse. Loweruka nsonga igwera m'kati mwa zipupa zopanda kanthu, nthambi zake n'zofewa, sizigumula khoma. Madzulo omwewo tifolerenso. Palibe choswedwa.

Amjomba ayang'ana mzere wa chidendene, ayang'ana pepala. Akuti chidendene sichinapite kusukulu. Timvera pepala.

Kuchokera pamkeka paja pamveka liwu limodzi, lachiyao, losakweza: "Ngwamba." Ndiye iyayi wa apongozi ameneyo, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zandiphunzitsa kulemera kwake. Amjomba alowa, akhala nawo nthawi yaitali. Potuluka akuti avomera. Ndafunsa kuti anena chiyani. Akuti sananene kanthu, angopitiriza kusenda mtedza.

Madzulo amake Shakira akuwotcha chinangwa, sakundiyang'ana. Kenako akuti khitchini imeneyo anamanga ndi bambo awo. Ndi denga lomaliza limene anafolera asanadwale, ndipo mitengo yake anasadza ku bulugama yemweyo, amene anabzala okha chaka chimene amake Shakirawo anabadwa. Akuti amayi awo udzu amasintha, koma mtanda wapakati salola munthu kuukhudza.

Zandikhudza, ndisaname. Koma ndi chifukwa chake ndikulipulumutsa dengalo! Anthu awa sakuona kuti pamudzi ponse pano amene akuganizira mtanda wa malemu ndine ndekha? Ndawalonjeza kuti Loweruka dzuwa lisanalowe utsi ukhala ukutuluka m'khitchinimo. Akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sindikudziwa ngati akunena za denga kapena za malo anga.

Lachisanu

Apongozi anyamuka m'mamawa. Akuti akachoka ku Juma akaona achemwali awo, abwera madzulo. Sakufuna kuona.

Ndiye lero, koyamba chikwatirireni, ndalowa m'bwalomo wowongoka msana. Lili bwino ndithu. Ndaima pamene pakhale khomo la nyumba yanga, ndaona kale pogona Shakira, pogona mng'ono wake, poimika njinga yosadutsa pamutu pa munthu.

Chinthu chimodzi. Ukauonera m'kati muno, mtengowu ukuoneka ngati wafupika. Maso amanama, tan sanama.

Amake Shakira akuti, "Poti mwalowa nokha ndipo amayi palibe, bwanji mungoyezanso?"

Kuyezanso! Pamaso pa Che Bwanali, amene akhala pachitsa akunola nkhwangwa n'kumandiyang'ana? Mudzi wonse umve kuti pepala likukayikira lokha? Ndawauza kuti masamu si ndiwo za dzulo zoti n'kutenthetsanso. Chingwe ndachisiya pamsomali.

Che Bwanali akana kuthandiza. Akuti iwo anaitanidwa kudzadula mtengo, osati kudzaphwasula nyumba ya mayi wamasiye. Ndakwera ndekha, alamu anga a Yusufu akulandira pansi.

Zotuluka m'dengamo:
- mwaye, wokwanira kudetsa anthu a msika wonse
- chikwakwa chadzimbiri cha malemu
- zikonyo za chimanga cha mbewu zimene apongozi anapachika ku utsi, ndipo palibe anandiuza
- makoswe asanu ndi mmodzi, wina wadzera m'buluku mwanga
- mavu

Mavu andiluma pachikope, diso loyezera lomwe lija. Latupa ngati bwemba.

Udzu watsika bwino. Phaso latsika bwino. Wafika mtanda wapakati. Ndati a Yusufu agwire uko, ine ndinyamule uku. Mtandawo unalowa m'khoma ngati dzino. Ndagwedeza pang'ono. Ndagwedezanso. Wazuka, ndipo khoma lakumbuyo lapuma mpweya, laweramira kunja, lagona pansi lonse, phuu! Fumbi mpaka kwa aneba.

Ndani akanadziwa kuti khomalo limaimira mtanda? Mu thirayango yanga munalibe khoma! A Yusufu angoti, "Alamu." Basi, liwu limodzi. Anthu a banja ili amapha munthu ndi liwu limodzi.

Latsala khoma lakutsogolo ndi am'mbali awiri. Lakumbuyolo silinasweke ndi mtengo, ndiye sindikuganiza kuti likuwerengedwa. Ndiumba lina. Ndi dothi chabe.

Ku Juma ndapita ndi diso limodzi ndi malaya a fumbi. Potuluka mumzikiti aliyense akundipatsa moni wa "Che Injiniya". Mkulu wina wandifunsa mwaulemu ngati ndingamuyezere kutalika kwa mkazi wake popanda kumuyandikira. Aseka mpaka kugwirana mapewa. Asekeni. Mawa nsonga ikagwera m'kati mwa zipupa zija, tiona amene aseke.

Madzulo apongozi abwera. Ine ndinali nditatuluka kale. Amake Shakira akuti amayi awo anaima pakhitchinipo nthawi yaitali, kenako anatola chikwakwa chija n'kulowa nacho m'nyumba.

Kum'mawa, cha ku Nayuchi, mitambo yada. Imatero chaka chilichonse, imangoopseza.

Loweruka

Anthu adzaza ngati kuli mpira. Ena abwera panjinga kuchokera ku Chikweo. Mayi wa ndowa uja ali kutsogolo. Wina akugulitsa mandasi. Apongozi ali m'nyumba, chitseko chotsekula pang'ono, ndiye ine ndaloledwa kuima m'bwalo chowafulatira.

Ndauza aliyense kuti achoke pafupi ndi khitchini mamita khumi. Ndanena mokweza kuti mtengo ndi wa mamita 24.15. Ndabwereza poyinti wani faifi kuti amve bwino.

Che Bwanali adula kamwa mbali ya kum'mawa, azungulira kumbuyo. Nkhwangwa, nkhwangwa, nkhwangwa. Amuna anayi pachingwe. Mtengo walira, waganiza pang'ono, wayamba kubwera.

Khuu!

Fumbi. Nkhunda zonse m'mwamba. Fumbi latsika.

Khitchini yaima chomwe inaimira, zipupa zitatu, yopanda denga, yosakhudzidwa ngakhale ndi tsamba. Pakati pa nsonga ndi khomo pali malo oti munthu n'kuyala mkeka n'kugona chotambalala.

Ngakhale wa mandasi wasiya kugulitsa.

Che Bwanali ayenda pang'onopang'ono kukafika kunsonga, akankha masamba ndi phazi. Mzere wa chidendene uli pompo, pansi pa kanthambi komaliza. Atola nzimbe yawo. Ndikanakonda akanandinyoza, wallahi, kusiyana ndi kutafuna kumeneko.

Ndatenga tepi ya telala, ndayeza thunthu lonse chogwada, anthu akuwerenga nane mokweza ngati ana a Sitandade 1. Matepi 11 ndi kachidutswa. Mamita 17.

17! Mamita asanu ndi awiri apita kuti? Ngodya ndinayeza kasanu. DEG ndinadina. Tan 40 ndi 0.839 kuno, ku Balaka ndi ku Makka komwe.

Ndakokera amake Shakira kuseri kwa nkhokwe. Ndafunsa kuti Lachitatu chingwe chinadzera pati. Aloza: kuchokera pansi pa mpanda, kukhotera kumanzere, kuzungulira nkhokwe, kudutsa kuseri kwa khola la nkhunda, kubwerera kumanja, kenako pamtengo.

Ndafunsa chifukwa chake.

"Pakatipo panali amayi atatambalala. Mumafuna ndidumphitse chingwe cha mbuzi pamiyendo pa amayi anga? Munati chifike pamtengo. Chinafika."

Ndati mbali ya thirayango imayenera kukhala yowongoka. Akuti chigawo chilichonse chinali chowongoka. Ndati n'chifukwa chiyani sanandiuze. Akuti dzulo anandiuza kuti ndiyezenso, ine ndinayankha za ndiwo.

Ndili ndi mkwiyo wambiri koma ndikusowa pouika. Apongozi anangokhala pamkeka pawo. Mkazi wanga anachita ulemu. Chingwe chinapita kumene chinatengedwa. Ndazungulira, ndazungulira, mlandu ukubwerera pachikhomo pomwe ndinagwada.

Ndati basi, tifolere msanga, lonjezo ndi lonjezo. Koma mtanda ukhala pati, khoma lake lili pansi? Tikukangana za mzati wogwirizira, mphepo yatembenuka. Fungo la dothi. Dontho limodzi pamphuno.

Mitambo ya ku Nayuchi ija chaka chino sinangoopseza.

Mvula yagwa maola awiri, yamatalala. Anthu a mpira aja abalalika. Ine ndi a Yusufu tikuthamanga ndi mapepala apulasitiki, mphepo ikutilanda. Zipupa za dothi zimene zakhala pansi pa denga zaka zonsezi zamwa madzi koyamba. Khoma la kumanja lakhala pansi mwaulemu. La kumanzere latsatira. Lakutsogolo lalimbikira mpaka mvula kukata, kenako lagwa ndi chitseko chomwe.

Atsala mafuwa atatu pakati pa matope.

Lamulungu

Kwacha bwino, mopanda manyazi. Ngumbi zatuluka, ana a mudzi wonse akusangalala.

Amjomba abwera m'mawa. Ayendera thunthu kuchokera patsinde mpaka kunsonga, ayendera matope. Akhala pampando pachipata. Akuti Che Bwanali agwira ntchito yabwino, mtengo sunaswe kanthu, ngakhale dzira. Akuti chotsala n'kudziwa kuti khitchini yaswedwa ndi chiyani, poti mphepo siisasula denga n'kusanja udzu m'mitolo.

Ndayamba kufotokoza za chingwe. Akweza dzanja. Akuti ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, koma uyo bola anamanga.

Chigamulo, chochokera kwa apongozi, kudzera kwa amjomba, ine ndikuyang'ana pansi:
- khitchini imangidwenso
- womanga ndine
- pakale paja pasanduka dambo, ndiye yatsopano ikhale pamene panali mtengo, poti amuna awo anabzala pamenepo ndipo malowo tsopano ayera
- phaso lichokere ku nthambi za bulugama yemweyo
- mtanda wa malemu ubwerere pamwamba, ndipo poukweza agwire ndi Che Bwanali

Pamene panali mtengo. Pakhomo panga paja. Pogona Shakira paja pakhala mafuwa.

Za malo anga amjomba akuti tidzakambirana tikakolola. Sananene kuti tikakolola chaka chiti.

Masana ndatenga chingwe, ndayeza ndekha kuchokera pachikhomo kukafika pachitsa, mowongoka, poti apongozi ali m'nyumba. Mamita 18 ndi theka. Kuchulukitsa ndi 0.839, kuphatikiza 1.5. Yankho 17.02. Tan sananame. Ndinangomupatsa bodza, iye n'kulichulukitsa mokhulupirika.

China chimene chikundiwawa kuposa diso. Ndajambula mpini wa Che Bwanali m'kope. Mkono wagona, mpini waimirira, kutalika kofanana, pakati sikweya. Ngodya yake ndi 45. Tan 45 ndi 1. Ndiye kuti pamene munthu waima, mtunda ndi wofanana ndi kutalika kwa mtengo. Mkulu uja wakhala akuchita tirigonometire zaka makumi atatu ndi chidendene, osadziwa n'komwe dzina lake. Sindimuuza. Anganyade.

Nati ndabwezera kunjinga. Njinga yabwerera pamalo pake, pamwamba pa mitu yathu.

Madzulo amake Shakira abwera kuchokera m'bwalo ndi kambale ka mtedza wokazinga, akuti atumiza ndi amayi. Aukazingira pakhonde, pambaula yobwereka. Ndinayembekeza mawu owawa, ndinali nditakonzeka kale kuwameza. Akuti amayi amva nkhani yonse ya chingwe, ndipo anena chinthu chimodzi chokha:

"Akanangotumiza mawu, ndikanapinda miyendo."

Mtedzawo ndadya wonse. Unali ndi mchere wabwino.

Mawa ndiyamba kuponda dothi.